Fisi ndi Ogula Zikopa

Kalekale, nyama zisanaiwale kulankhula, m'mbali mwa mtsinje wina wa mabango munkakhala katumbu wamkazi, dzina lake Nakatumbu, ndi ana ake awiri. Tili tonse? Anawo ubweya wawo unali wosalala ngati wodzola mafuta a nsatsi, poti mayi wawo ankawanyambita m'mawa uliwonse. Ankanyada nawo. Nanga mayi ndani sanyada?

Chaka china kunafika amalonda ochokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Sankafuna mapira, sankafuna uchi. Ankafuna zikopa, akuti kwawoko anthu olemera amasoketsa zipewa ndi malaya a mphepo. Koma tchire sankalidziwa. Amene anadzipereka kuwalondolera anali Fisi.

"Chikopa changa ndani angachifune?" ankatero Fisi uku akuseka. "Chokakala, chonunkha. Iwo atenge chikopa, ine ndidye nyama. Palakwika chiyani?"

Anawalozera kwa Njuzi, Njuzi anasendedwa. Anawalozera kwa Nyalugwe, Nyalugwe anasendedwa. Anawalozera kwa Nchima, Nchima anasendedwa. Zikopa zinauma n'kumangidwa mtolo, Fisi n'kunenepa mpaka khosi kusowa. Manyazi analibe m'pang'ono pomwe.

Tsiku lina Fisi anafika pa una wa Nakatumbu.

"Odi kuno, alamu! Alendo akufuna kuona ana anu. Kungowaona basi."

Kuona kwa alendowo Nakatumbu ankakudziwa. Koma akanathawira kuti? Chinali chilimwe, mtsinje unali utaphwa, kunangotsala kadziwe kamodzi.

"Alamu," anayankha, "ubweya wawo ukadali wanthete, ungothothoka m'manja mwa alendo. Mubwere mwezi ukaoneka."

Fisi anachoka. Nakatumbu anayang'ana kumwamba: mbee! Popanda ndi kamtambo komwe. Anatengera ana kukadziwe kaja n'kuyamba kuwaphunzitsa kusambira.

Mwezi utaoneka, Fisi uyo, dovu lili chuchuchu.

"Alendo atopa n'kudikira, alamu."

"Ana agwidwa mphere, alamu. Taonani nokha."

Anali atawapaka matope ndi phulusa, ana omwe ankawanyambita aja, ndipo powapaka analira. Fisi anawanunkhiza, n'kuwanunkhizanso.

"Mphere yanji yonunkha dothi?"

"Ndi mankhwala ake amenewo."

"Chabwino. Mkuja ndibwera ndi eni ake. Adzatsuka okha."

Mkuja unafika. Kumapiri kunali kutada bii, koma pansi pali gwa. Fisi patsogolo, amalonda pambuyo, wina ndi khasu, wina ndi mkondo, wina atasenza mtolo wa zikopa, poti ankati akatenga tiwiriti azinyamuka ulendo wakwawo.

"Tulukani, alamu!"



Khasu linayamba kukumba. Nakatumbu anakumbatira ana kumapeto kwa una. Dothi linkawagwera pamsana.

"Amayi, akufuna ndani?" anafunsa wamng'ono.

"Khala chete, mwanawe."

Khasu linakumba, linakumba. Denga la una linabooka, kuwala kunalowa, nsonga ya mkondo n'kusuzumira. Pomwepo Nakatumbu anamva nthaka ikunjenjemera. Mvula inali itagwa kumapiri, ndipo mtsinje unali kubwera ndi zitsa zomwe.

"Gwirani mchira wanga!"

Anatulukira kukhomo lina la una, loloza kumadzi, phava! Chimvula nacho chinakhuthuka. Amalonda anataya khasu n'kuthamangira mtolo wawo, poti chikopa chouma chikanyowa chimaola. Anayesa kuufunditsa masamba, masamba anauluka. Anayesa malaya awo, malaya ananyowa.

Nakatumbu anatulutsa mutu pakati pa mtsinje, ana ali pambali pake. Anakumbukira Njuzi, Nyalugwe ndi Nchima, mtima unamuwawa.

"Alendo inu!" anafuula. "Mukuvutikiranji? Taonani alamu angawo. Mvula ikungotsetsereka pamsana pawo!"

Amalonda anatembenuka n'kumuyang'ana Fisi. Kayang'anidwe kameneko Fisi ankakadziwa bwino.

"Mabwana, mwaiwala? Changachi sichigulika!"

"Sitikufuna chogulitsa, bwanawe," anatero wamkondo uja. "Tikufuna chofunditsa."

Chikopa cha Fisi chinapita kunyanja chili pamwamba pa mtolo. Atafika padoko, amalonda anachisendeza ndi phazi n'kuchisiya pamchenga. Nthawi imeneyo n'kuti Nakatumbu ali kumunsi kwa mtsinje, akunyambita ana ake.

Nthano yanga yathera pomwepa, kaphuleni mbatata isanapserere. Inu mukundimveranu, wolozera alendo khomo la mnansi wake asamati lake ndi lotseka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.