Mtsuko Umene Sunayenera Kuotchedwa

"Ndagi!" ndinatero.

"Gize!" anayankha ana onse, kupatula msuweni wanga Lonjezo, amene anali atafumbata khala m'manja.

"Bala langa mvula imalitsuka chaka ndi chaka, koma silipola."

Tinali pansi pa phanga la kuphiri, kumene bambo ndi mayi anatitengera Loweruka kuti tikaone zojambula za anthu akale. Pamwalapo pali mizere yofiira, ina yozungulirazungulira ngati madzi oti mwaponyamo mwala, ina yotsika ngati makwerero. Pambali pake penipeni munthu wina analembapo dzina lake ndi la chibwenzi chake ndi penti. Lonjezo ankafuna kuwonjezerapo lake.

"Taya khalalo, iwe!" ndinatero. "Ukuyesa ndi khoma la chimbudzi cha kusukulu limeneli? Khalani pansi nonse. Mwatitha, bwera pamwendo panga. Ndagi mwailephera, tsono mumve za mwini bala."

Kalekale miyala ya phiri lino inalibe chilemba ngakhale chimodzi. Kumtunda kuno kunkakhala Akafula, anthu aafupi, osalima, odya uchi ndi nyama ya m'tchire. Kumunsi kunali anthu a makasu, obwera kumene. Sankaonana kawirikawiri. A kumunsi ankasiya mawere pathanthwe n'kuchokapo, ndipo pobwerera ankapezapo uchi.

Pakati pa a kumunsi panali mayi woumba mbiya, dzina lake Nankhoma. Manja ake anali aluso, koma mtima wake unkathamangira kutamandidwa monga nkhuku ithamangira madeya. Kumene ankakumba dothi ndi kumene anazolowerana ndi mayi wina wachikafula. Dzina lenileni la mayiyo linawakanika a kumunsi kutchula, ndipo sanadzivutenso n'kuliphunzira. Ankangomuti Nauchi.

Chaka china mvula inakana. Mitsinje inasanduka mchenga. Akazi ankakumba m'khwawa mpaka dzenje kuwalekeza m'chiuno, n'kungopeza matope. Tsiku lina Nauchi anapeza Nankhoma akusalaza mtsuko wauwisi, mwana wake ali gone pachikopa, milomo itang'ambika.

"Ukuumba mtsuko, madzi ake ukawatunga kuti?" anafunsa Nauchi.

"Manja sadziwa kukhala," anatero Nankhoma. "Ndikapanda kuumba ndizingomuyang'ana uyu."

Nauchi anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Nayenso anali ndi wake kumsana. Kenaka anatulutsa katondo, dothi lofiira lija, nalinyowetsa ndi malovu, nayamba kujambula ndi chala pakhosi pa mtsukowo.

"Chozungulira ichi ndi kasupe. Ichinso ndi kasupe. Mizere iyi ndi njira zake. Akasupe athu timawavundikira ndi mwala kuti dzuwa lisawaone. Ukatunga, uvundikirenso. Ukapeza njuchi zikumwa, udikire, zinayamba ndi izo. Ndipo tamva ichi, mnzanga: mtsuko uwu usauotche. Ukaloweza njira uuphwanye, ubwerere ku dothi. Ife zathu sitiziika pa chinthu chokhalitsa."

"Ndamva," anatero Nankhoma.

Anapitadi, napeza madzi ozizira pansi pa mwala, ndipo mwana wake anadzuka. Njira anaziloweza zonse. Tsiku lootcha mbiya litafika, ananyamula mtsuko uja kuti auphwanye. Anaukweza m'mwamba. Dzuwa linagwera pa mizere yofiira ija, ndipo manja ake anangoima.

"Chinthu chotere ndiphwanye?" anadzifunsa. "M'mudzi muno palibe mkazi amene anaumbapo chonga ichi. Kodi moto umadziwa chiyani za akasupe?"

Anauika pakati pa mbiya zinazo, naufunditsa makungwa, nayatsa.

"Aaa, wopusa!" anatero Lonjezo.

Sanali wopusa ayi, iwe. Akanakhala wopusa bwenzi tikumukhululukira. Ankadziwa chimene ankachita.

Mtsuko unatuluka pamoto uli ngwee, mizere itamatirira mpaka kalekale. Akazi anauzinga. "Anankhoma, maluwa amenewa mwawaona kuti? Mutiumbireko ifenso!" Nankhoma akanangoseka n'kukhala chete. Koma lilime linamuyabwa.

"Maluwa? Inu mukuona maluwa?" anatero. "Awa ndi madzi, anzanga. Apa kasupe, apa njira."

Dzuwa lisanalowe mawuwo anali atafika kwa mlongo wake Gwedeza, mwini mbuzi zambiri zimene zinkafa ndi ludzu. Anabwera akupuma ngati ng'ombe.

"Mbuzi zanga zikutha, iwe wabisa madzi pakhosi pa mtsuko?"

"Ndinalonjeza, achimwene."

"Unalonjeza ndani? Tianthu ta m'mapanga tija? Tandisonyeza, poyambira ndi pati?"

Ndipo Nankhoma analoza ndi chala chake chomwe.

M'mawa mwake amuna anakwera phiri, mtsuko uli patsogolo, mbuzi zili pambuyo. Kasupe aliyense amene anamupeza anamuvundukula, mwala wake n'kuugubuduzira kuphompho. Mbuzi zinapondaponda, kunyeramo, madzi n'kusanduka phala. Njuchi zitawaluma anaziotcha ndi udzu. Potsiriza anamanga agalu pa kasupe aliyense, kuti madzi amene anawapeza iwo, ati iwo anawapeza, asabedwe.

Akafula atabwera ndi zikho zawo analandiridwa ndi mano. Anayesa kasupe wina, agalu. Wina, agalu. M'phiri lawo lomwe! Masiku anapita, ndipo mkaka wa Nauchi unauma.

Nankhoma ankamva agaluwo akuuwa kumtunda usana ndi usiku. Tsiku lina anadzaza dengu ndi mawere nakwera yekha mpaka paphanga lino. Anapeza Akafula akumanga mitolo yawo. Nauchi anali atagwada pamene pakhala Lonjezopo, akupera katondo pamwala. Kumsana kwake kunalibe kanthu.

"Mwana ali kuti?" anafunsa Nankhoma.

Nauchi anangopitiriza kupera.

"Ndabweretsa mawere, mnzanga."

"Mawere," anatero Nauchi osatukula mutu. "Ndimwe?"

"Si ine ndinamanga agalu. Ndi achimwene."

"Achimwene akowo anazindikira okha pamene njira iyambira? Chala chinali cha yani?"

Nankhoma anagwetsa nkhope. "Unali wokongola mtsukowo. Ndinalephera."

Apa Nauchi anaimirira. Anali wamfupi, mutu wake wolekeza pachifuwa cha Nankhoma, koma Nankhoma ndiye anabwerera m'mbuyo.

"Wokongola! Ndinakupatsa madzi a mwana wanga kuti wako akhale ndi moyo, iwe n'kuona chokongoletsera pakhonde? Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha. Dothi limamva: ukalinyowetsa limaiwala zimene unaliuza. Iwe unaliika pamoto kuti lisaiwale. Chabwino. Inu anthu a makasu mumakonda zosafufutika, eti? Ndikupatsani."

Misozi analibe, inauma pamodzi ndi mkaka. Anadzicheka pachikhatho ndi kamwala kakuthwa, magazi n'kudonthera m'katondo muja. Anaviika zala nayamba kujambula pamwala. Nthawi iyi sanajambule mofatsa ngati pamtsuko paja. Ankakanikiza mpaka mwala kumwa utotowo. Chozungulira, china mkati mwake, china mkati mwakenso. Mizere yotsika, yotsika, yotsika.

"Ameneyo ndi kasupe uti?" anafunsa Nankhoma.

"Ukufunsanso? Kamwa langa linatseguka kamodzi, ndipo waona chimene chinatulukamo. Izi mudzaziona inu, ana anu, ndi ana a ana anu. Mudzabwera kudzaloza ndi zala, kudzakangana, wina ati ndi dzuwa, wina ati ndi mvula. Palibe adzadziwe ngati ndajambula madzi, kapena njira imene tapita, kapena mwana wanga. Tenga mawere ako."

Anapukuta dzanja pa dengu lija, nanyamula mtolo wake, natsatira anzake. Sanacheuke.

Akasupe onse anaphwa sabata lomwelo. Gwedeza anazungulira phiri ndi mtsuko m'manja, akutsata mzere uliwonse, n'kumangofika pa fumbi. Mwaukali anabwerera kwa mlongo wake kuti amulozerenso. Nankhoma anauyang'ana mtsuko umene anauumba yekha, koma sanathenso kusiyanitsa kasupe ndi njira. Anangoona maluwa.

Kuyambira pamenepo ankakwera kuno ndi mchenga ndi makoko, n'kumakwecha mwalawu kuti anthu asadzafunse chimene chinachitika. Anakwecha mpaka zala kunyuka. Mvula itabweranso, mphepo inkaiuluzira m'phanga muno, iye n'kumati tsopano zichoka. Dzuwa likawala, zofiira zija zinkaoneka ngati zajambulidwa dzulo.

Ndi chifukwa chake lero miyala ya phiri lino ili ndi bala losapola, ndipo aliyense wobwera kuno, ngakhale wochokera kutali ndi makamera, amangoloza n'kumaganizira. Ndi chifukwa chakenso amayi oumba mbiya mpaka lero amalemba timizere pakhosi pa mtsuko, koma ukawafunsa tanthauzo lake amangoti, "Ndi mmene ankachitira amayi anga."

Nditamaliza, mayi anayamba kumanga zitumbuwa zotsala m'kansalu. Bambo anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja, maso ali kumunsi, kumene madenga a malata a mudzi wathu ankanyezimira pakati pa minda.

Mwatitha, mng'ono wanga wa zaka zisanu, anatsika pamwendo panga nakagwira thalauza la bambo.

"Ababa, nanga ifeyo ndife a kwa Nauchi, kapena a kwa aja anamanga agalu?"