Chimfuti cha Wendell ndi Magolovesi Ake

Kwathu kuno ku Alaska, kulowa m'tchire wopanda mfuti kuli ngati kukwera bwato wopanda nkhafi. Wendell Haugen, kalipentala wa m'mbali mwa mtsinje wa Susitna, ankayenda ndi mfuti yaitali imene bambo ake anamusiyira. Msana utayamba kumuvuta, anaganiza zogula yaifupi yomangirira pachifuwa, kuti manja azikhala omasuka akamawedza.

Nkhaniyi anaiyamba pa kadzutsa, mkazi wake Marlys akukazinga mazira.

"Mukagule yoti dzanja lanulo lingaithe," anatero Marlys. "Chimbalangondo sichiopa kukula kwa mfuti."

"Za mfuti undisiyire ine. Iwe taona mazirawo, akupserera."

Kusitolo, mwini wake Otis Brandvold anamuyalira mfuti ziwiri patebulo. Ina inali yapakatikati, yokwana bwino m'dzanja. Inayo chinali chimfuti cholemera ngati hamala, chipolopolo chake chonenepa ngati chala chachikulu.

"Achimwene, yapakatiyi ndi imene ndimayenda nayo ineyo," anatero Otis. "Ukaomba siikuthawa m'manja, umatha kubwereza. Chinachi chikalira, dzanja limamva ngati lapondedwa ndi hatchi."

"Ndiye n'chimene ndikufunacho. Ukufuna ndikachigende ndi nyemba chimbalangondo?"

"Tengani, dzanja ndi lanu. Koma mukachiyeserere kudzenje la miyala kuja, kumene anthu amakumbako miyala, mutavala zonse zimene mumavala kumtsinje. Jekete, magolovesi, zonse. Muzichisolola, muziomba, mpaka dzanja lizolowere."

Kudzenje la miyala Wendell anapitako kamodzi kokha, dzuwa likuswa mtengo, atavala malaya okha, m'manja mulibe magolovesi. Anaimika chitini, naomba. Makutu analira, mkono unachita dzanzi, ndipo sabata imeneyo hamala ankaigwira ndi kumanzere.

"Chikugwira ntchito," anamuuza Marlys. "Ndachimva ndekha."

"Mwachimva inu, tachimvanso ife tonse m'tauni muno. Chitini chokha ndiye sichinamve kanthu. Mubwererakonso liti?"

"Ndibwererekonso kukatani? Mfuti ngati iyi imafuna chipolopolo chimodzi basi."

Sanabwererekonso. Chimfuticho ankachipukuta ndi mafuta Lamlungu lililonse n'kumachionetsa kwa alendo, koma kuomba ayi.

Nyengo ya nsomba za samoni ili pafupi kutha, Wendell ndi Marlys analawirira pabwato kuti akagwire zomaliza zosungira m'chisanu. M'mawa umenewo udzu unali mbuu, kuzizira kukuluma zala. Wendell anamangirira mfuti pachifuwa, navala chijekete pamwamba pake n'kutseka zipi mpaka kukhosi. M'manja anavala magolovesi ake achikopa aja, okhala ndi ubweya m'kati. Marlys anatsala m'bwato akutumbula nsomba, Wendell n'kutsata kamtsinje kolowa m'zitsamba zowirira.

Mwana aliyense kuno amadziwa kuti polowa m'zitsamba zotere umakuwa kapena kuimba, kuti chimbalangondo chikumve uli patali, chipatuke. Wendell anali atachita zimenezi moyo wake wonse. Tsiku limeneli anangolowa ali duu, chifukwa chitsulo cha pachifuwa chija chinkamulimbitsa mtima.

Anatulukira pakati pa chimbalangondo chachikazi ndi ana ake. Chinatembenuka, chinagwetsa makutu, n'kuyamba kubwera. Mpata unalipo, ngakhale unali wochepa. Analimbana ndi zipi mpaka inatseguka, mfuti n'kuisolola. Koma chala chake, chitakutidwa ndi chigolovesi chija, chinakana kulowa m'kamphete kotchinga kachitsulo koombera. Anachikakamiza, chinakanabe. Analuma golovesi kuti aivule ndi mano, ndipo chimbalangondo chinamupeza golovesiyo ili kukamwa.

Chinamupulumutsa ndi chimene anaphunzira ali mwana. Anagona chafufumimba, nafunditsa khosi ndi manja, osagwedezeka. Chilombocho chinaluma dzanja lamanja limene linali pamwamba, chinalikutumula ngati galu ndi chisanza, kenako chinatenga ana ake n'kulowa m'tchire.

Marlys sanamve kulira kwa mfuti. Anangomva kukuwa. Anatenga lipenga la m'bwato n'kuthamanga akuliliza kuti aopseze chilombo, nam'peza mwamuna wake magazi ali chuchuchu. Anam'manga mkono ndi lamba, nam'kolekera paphewa pake mpaka kubwato. Za chitini chija sanazitchule, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Kuchipatala dzanjalo analilumikiza, koma zala sizinapindikenso. Kalipentala amene anamanga nyumba zambiri za m'mbali mwa mtsinjewu sangathenso kugwira msomali kuti aukhome. Mabatani a malaya amam'manga ndi Marlys.

Otis ndi amene anapita kukatola mfuti ija. Anaipeza m'matope, zipolopolo zonse zili momwemo, zikunyezimira ngati tsiku limene zinachoka m'sitolo. Pambali pake panali golovesi, ili ndi zidindo za mano a mwini wake. Anaipukuta mfutiyo n'kupita nayo kwa Wendell atatuluka m'chipatala.

"Nayi mfuti yanu, achimwene. Ilibe vuto lililonse."

Wendell anaiyang'ana, dzanja lopuwala lili pamwendo.

"Ukaigulitse," anatero. "Ndipo wogulayo ukamuuze kuti pokaiyesa avale magolovesi."

"Ndimawauza onse," anayankha Otis, akuibwezera m'thumba.

Mfuti inali yabwino, wogulitsa sananame, ndipo chipolopolo chimodzi chikanakwanadi. Chinasowa ndi dzanja loizolowera, ndipo dzanja lotero sagulitsa m'sitolo. Akuluakulu ananena kale kuti nkhwangwa siithwera pachipala.