Mpesa Umene Esinala Ankaopa Kudulira

Panali mayi wina, dzina lake Esinala, amene anagwira ntchito ya unamwino m'tauni zaka makumi atatu. Atapuma ntchito anabwerera kwawo kumapiri, kumene bambo ake anali wophika pa mishoni. Makolo ake onse awiri anali atamwalira kale, ndipo nyumba imene anakuliramo anaipeza itagwa. Chotsala chinali kadimba kamodzi, pakati pa madimba amene mishoni inagawira antchito ake m'mbali mwa mtsinje. M'kadimbamo munali mpesa.

Amene anadzala mpesawo anali bambo ake, iye ali wamng'ono. Anabwera nako kamtengo m'thumba la malaya, kotalika ngati pensulo. Esinala ankakumbukira thandala la nsungwi limene mpesawo unkayangapo, ndi mthunzi wake masana a Okutobala. Ankakumbukiranso mmene bambo ake ankathyolera tsango loyamba Khrisimasi ikayandikira, n'kugawira ana mphesa ziwiriziwiri, iwo osalawako. Zinali zazing'ono, zowawasa pang'ono, zodetsa milomo.

Tsopano thandalalo linali litafumbwa n'kugwa. Mpesa unali utayanga paudzu, pampanda, mpaka pamwamba pa mtengo wa pichesi wa m'dimba loyandikana nalo.

Esinala anagwada n'kuyamba ntchito. Anazula udzu ndi chisoso. Anamanga thandala latsopano, anathira manyowa a mbuzi, ndipo m'mawa uliwonse ankatunga madzi kumtsinje. Nthambi iliyonse anaikweza ndi manja ake n'kuimangirira ndi luzi. Koma mpeni sanaukhudze. Akagwira nthambi, mumtima ankati mwina iyi anaigwirapo bambo.

Chaka choyamba mpesa unatulutsa masamba okhaokha. Chaka chachiwiri unabala timatsango titatu, koma tinachita nkhungu tisanapse, chifukwa dzuwa silinkalowa m'kati. Thandala nalo linayamba kupendekeka ndi kulemera kwa nthambi.

Mwini dimba loyandikanalo anali a Kanyumbu, nkhalamba imene inagwira ntchito limodzi ndi bambo ake a Esinala. Tsiku lina mu Julayi, masamba a mpesa atayoyoka ndi kuzizira, a Kanyumbu anaima pampanda.

"Mwana wanga, mpesawu mukuusamala bwino. Nanga mudzaudulira liti?"

"Sindingathe, bambo," anatero Esinala. "Ndi zokhazi zimene bambo anga anandisiyira."

A Kanyumbu analoza mpesawo ndi ndodo yawo.

"Zimene anakusiyirani ndi tsindelo ndi nthambi zazikulu ziwiri izi. Zina zonsezi zamera iwo atapita. Nyengo ngati ino inu munkakhala kusukulu yogonera komweko, simunkaona. Chaka ndi chaka ankaudula mpaka amayi anu ankadandaula kuti aupha."

Atapita a Kanyumbu, Esinala anakwawira pansi pa thandala, napatula nthambi, nayang'ana tsinde. Linali lodzaza ndi zipsera za mpeni, zina pamwamba pa zinzake, zina zakale kwambiri moti khungwa linali litazikwirira. Anazisisita ndi chala, chimodzichimodzi. Anakhala pamenepo nthawi yaitali.

M'mawa mwake ananola mpeni. Anadula nthambi yoyamba. Anadula yachiwiri. Pa nthambi iliyonse imene anaisunga ankasiya mfundo ziwiri zokha, monga mmene zipsera zija zinkasonyezera. Pofika masana mulu wa zodulazo unamupitirira msinkhu, ndipo pathandala panatsala tsinde ndi nthambi zake ziwiri, zamaliseche ngati nkhuni. Esinala anakhala pansi nalira.

Mwezi wa Ogasiti unatha popanda chooneka. Anthu odutsa ankapukusa mitu. Iye ankangotunga madzi. Mu Seputembala, kutayamba kufunda, mfundo zija zinatupa n'kuphulika, ndipo mphukira zinatuluka zonenepa, iliyonse ndi maluwa ake. Mvula itakhazikika, matsango analendewera pathandala lonse. A Kanyumbu, amene mano anali atawathera m'kamwa, anadya mphesa tsiku limenelo mpaka anaiwala khasu lawo m'dimba la Esinala.

Abale anga, ambiri a ife tili ndi zimene anatisiyira anthu amene tinkawakonda. Wina ndi munda, wina ndi mpingo umene makolo anaumanga, wina ndi kachitidwe ka pabanja pawo. Timaopa kusinthapo kanthu, ndipo manthawo timawatcha ulemu. Koma pitani kwa amene anawadziwa makolo athuwo, mukafunse zimene ankachita ndi manja awo. Mudzapeza kuti zambiri zimene mukulonderazo zinamera iwo atapita, ndipo ndi zomwezo zimene zikuphimba dzuwa. Sungani tsinde. Zinazo dulani. Ndipo musazengereze, pakuti nyengo yodulira ndi yaifupi.