Telala Amene Anapikula Nthochi

Munthu asamadziyeze ndi tepi yoyezera anzake. N'zoopsa zimenezo, ndipo a Telala anayambira pomwepo. Tsiku lina ntchito itachepa, anatenga tepi n'kuzunguliza pamimba pawo, tepiyo n'kutsala pang'ono kulephera kukumana. Anakhala pampando wa makina osokera. Kenako anatsegula foni, chinthu chinanso chosayenera kuchikhulupirira, n'kupezamo mwamuna wowonda ngati singano akulalikira kuti moto umapha chakudya, munthu wofuna moyo azidya zaziwisi zokhazokha.

"Mayi," anaitana akazi awo, "kuyambira lero za pamoto ine ayi. Zipatso basi."

"Mwasanduka nyani kodi, bambo?"

"Nyani munamuonapo ali ndi mimba?"

Akazi awo anayang'ana mimba ya amuna awo n'kubwerera kukasonkheza moto.

Zipatso zogula chimodzichimodzi zimaluma m'thumba. Patatha milungu iwiri mimba inali pomwepo, chimene chinawonda ndi chikwama. Ndiye wina anawanong'oneza kuti kumene malole amatsitsira katundu, ukapikula zambiri mtengo umagwa pakati. Anthu onong'ona muziwaopa. Lolemba m'mawa a Telala anapita, masana n'kubwera akutsogolera mawilibala anayi ngati mkulu wa asilikali. Munali mikoko ya nthochi khumi ndi iwiri, matumba awiri a mapeyala, mapapaya, ndi mavwende oti munthu osawawerenga.

"Tikutsegula msika?" anafunsa akazi awo ataima pakhomo.

"Ndapulumutsa ndalama, mayi. Izi n'za miyezi itatu. Taonani, zonse n'zosapsa. Zizipsa chimodzichimodzi, mwaulemu, ngati mmene ana amabadwira."

"Zipatso zimaitanana, bambo. Nthochi imodzi ikapsa imadzutsa zinzake."

"Zimaitanana bwanji? Zili ndi foni?"

Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri. Mavwende analowa kuchipinda chogona, ena pansi pa bedi, ena pamwamba. Zotsalazo zinadzaza chipinda chosokera. Mikoko ya nthochi anaikoleka pamtanda wa denga, mtanda womwewo umene panalendewera diresi loyera limene anasokera mkwatibwi wina. Ukwati unali Loweruka la mlungu wotsatira. Nsalu yake anagula ndi mayi ake a mtsikanayo, mayi wogulitsa nyama, wa mikono yozolowera kunyamula mwendo wa ng'ombe popanda womuthandiza. Pobweretsa nsaluyo ananena mawu amodzi okha: "Ikhale yoyera ngati mmene ndaisiyira."

A Telala anatseka zenera kuti anansi asaone n'kuyamba kupempha. Matumba anawafunditsa mabulangete kuti makoswe asanunkhize. Mayo ine, denga la malata, dzuwa lili ng'aa, zenera lotseka, zipatso zofunda bulangete! Ngakhale mwala ukanapsa. Lolemba linalo atatsegula chitseko anapeza chipinda chonse chili chikasu. Nthochi, mapapaya, mapeyala, zonse zinapsa tsiku limodzi ngati zinachita kupangana.

"Tigawireko anansi zisanaole," anatero akazi awo.

"Kugawa n'kukweza mtengo. Ndikapereka theka, ndiye kuti theka lotsalalo ndaligula pa mtengo wakale. Ndidya ndekha."

Ndipo anadya. Tsiku loyamba nthochi makumi atatu ndi papaya. Lachiwiri anaonjezera mapeyala asanu ndi chivwende chathunthu. Mimba ija imene ankafuna kuiphwetsa inayamba kulira ngati galimoto yokwera phiri. Amati akaponda makina katatu, n'kunyamuka liwiro wa kuseri, tepi ikuuluka m'khosi. Kanjira ka kuchimbudzi kanasalala ngati kopaka phula. Tintchentche tating'ono tinadzaza m'chipinda moti poyasamula ankayamba aphimba pakamwa. Fungo lowawasa linatulukira pansi pa chitseko n'kutsika ndi msewu, ndipo Lachitatu kunagogoda amuna awiri ofiira maso.

"Bwana, botolo mukuchita zingati?"

"Muno timasoka zovala!"

"Musaope, bwana, sitiuza munthu."

Akazi awo anawachonderera kuti achotse diresi m'menemo. A Telala anayang'ana kuchipinda chogona, kumene chivwende china chinali chitaphulika pa pilo, n'kunena kuti diresi lili bwino, lili m'mwamba. Anaiwala kuti nthochi nazonso zili m'mwamba. Nthochi yopsetsa siyembekeza dzanja, imathothoka yokha. Lachinayi zinayamba kugwa, phwa, phwa, zina zikutsetsereka ndi diresi kuyambira paphewa mpaka kumpendero. Atalitsitsa analipeza lili mawangamawanga ngati nkhanga, ponseponse pakumata.

Akazi awo anagwira m'mutu. "Banga la nthochi silichoka, bambo. Pitani kwa mayi aja panopa mukagwade. Masiku akadalipo awiri, agula nsalu ina, musoka usana wonse."

"Ine kukagwadira wogulitsa nyama? Mayi, telala weniweni sachapa cholakwa, amachikongoletsa."

Anatenga zidutswa zoyera n'kuyamba kudula timaluwa. Pa banga lililonse anasokerapo duwa, osapukuta n'komwe. Maluwa anakwana makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, mpaka lina m'khwapa, ena awiri pamalo okhalira. Ataliimika patali diresilo anadzigwedezera mutu yekha.

Lachisanu m'mawa mkwatibwi anafika ndi mayi ake. Mayiwo anaima pakhomo n'kukweza mphuno.

"A Telala, mwayamba kufulula?"

"Ndi mafuta a makina, mayi. A masiku ano amanunkha choncho."

Koma mtsikanayo ataona diresi anaomba m'manja. "Amama, taonani maluwa! Palibe wina anavalapo lotere!" A Telala anayang'ana akazi awo ndi diso lonena kuti mwaona? Mtsikana anavala, nati likumata pang'ono kumsana. Anamuuza kuti nsalu yodula imatero. Popeza m'chipindamo munali mdima ndi tintchentche, anatuluka ndi galasi panja kuti adzione bwino padzuwa.

Munthu ungamunamize, koma njuchi ayi. Inabwera imodzi n'kutera pa duwa la pachifuwa. Inapita, n'kubwera ndi alongo ake. Posakhalitsa mtundu wonse unafika, duwa lililonse ndi alendo ake. Mtsikana anataya galasi n'kuliyatsa liwiro mumsewu akukuwa, njuchi zili pambuyo ngati operekeza. Mbuzi ya aneba, imene inakhala mlungu wonse ikununkhiza pachitseko, inaona kuti tsiku lake lafika. Inaluma mpendero n'kukana kusiya. Anakokana mpaka pa mpope wa madzi, pamene nsalu inati kwee, mbuzi n'kubwerera ndi theka la siketi ikutafuna mwaulemu.

Amayi a pampope anamuthira madzi mtsikanayo n'kumufunditsa nsalu. Anabwera naye akulira, mlomo utatupa ngati peyala, diso limodzi litatsekeka. Mawa lake ukwati.

Mayi ake sanakuwe. Muziopa munthu wokwiya amene sakukuwa. Anamatula duwa limodzi, nayang'ana banga linali pansi pake, napaka chala n'kulawa. Kenako analowa m'chipinda, akuponda makoko, nagwira mutu wa makina ndi manja awiri. Anauzula patebulo ngati akuzula chinangwa, lamba n'kuduka, iwo n'kuusenza pamutu.

"Mayi, pepani! Makinawo ndiye khasu langa. Ndidya chiyani?"

"Nthochi," anatero mayiwo. "Makinawa akukasoka diresi lina kwa telala amene amadya zophika."

Nkhani inathamanga kuposa mkwatibwi. Dzuwa lisanapendeke, anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo. Aliyense amati akalandira yake, n'kuyamba wainunkhiza, n'kuiyang'ana padzuwa, n'kuchoka osatsanzika. A Telala anatsala pampando, patsogolo pawo pali tebulo la dzenje pakati. Mapazi awo ankapondabe chopondera mwa chizolowezi, gudumu likuzungulira lokha popanda chosoka. Pamwamba pawo panali patatsala mikoko isanu, ikudontha.

Anafuna zotchipa ndi zochuluka, ndipo zinabweradi, koma zinabwera ndi abale ake onse: ntchentche, zidakwa, njuchi, mbuzi ndi manyazi. Chinthu sichibwera chokha, anthuni, muzifunsa kaye amene akuchiperekeza. Akuluakulu sananame pamene anati walira mvula walira matope.