Khoma la a Mvuu ndi Mazira a Mayi Mlamba

Padangokhala, ana inu, udzudzu usanaphunzire kuimba m'makutu mwa anthu, kunali dambo lalikulu moti mbalame ikafuna kuliwoloka inkayamba yanyamula kamba.

Chaka ndi chaka mvula ikagwa kumapiri, mtsinje unkasefukira, madzi n'kulowa m'udzu monse. Apo ndiye panali chisangalalo. Achule kuimba, akakowa kuvina ndi mwendo umodzi, ndipo mayi Mlamba, aja a ndevu ngati bambo, ankalowa m'udzu womira n'kuikira mazira. Kwina kulikonse mazira awo sankaswa, koma m'udzu womira basi. Madzi akamabwerera ankasiya matope onona, msipu n'kuphuka wofika m'khosi.

Wodya msipuwo kuposa onse anali a Mvuu. Koma a Mvuu anali ndi dandaulo. M'chilimwe dziwe lawo linkaphwa, msana n'kumapsa ndi dzuwa. Ankati madzi onsewo akungomwazika m'tchire ngati alibe mwini.

Ndiye anapita kumtunda, pamene mtsinje umapanikizika pakati pa miyala. Anagubuduza mwala, anakoka mtengo, anamata matope ndi matako awo aja, phwa, phwa, mpaka khoma linaima. Pansi anasiya kabowo kotulutsa timadzi ngati malovu a nkhuku, tofanana dzinja ndi chilimwe. Kenaka anagona m'dziwe n'kumaimba ndi mawu a m'mphuno:

Dziwe langa ladzaza, ladzaza,
wa ludzu adikire pa kabowo.

Mvula inabwera, koma dambo silinamire. Achule anasasa mawu. Akakowa anaima ndi miyendo yonse iwiri chifukwa cha manyazi. Msipu unauma, minga n'kumera. Mayi Mlamba mimba inali tototo ndi mazira, koma koikira kunalibe.

Anakwawa m'timadzi tija, anadzipanikiza pa kabowo, n'kutulukira m'dziwe. Anapereka moni mwaulemu, nafotokoza kuti akachedwa ana onse afera m'mimba. A Mvuu anayankha kuti madzi tsopano ali pa dongosolo, amene sakukondwa akaikire mazira mumtengo. Anayambanso kuimba, dziwe langa ladzaza, koma nyimbo inatuluka yowonda, mimba ikuyankhira kuti kululu.

Apa mayi Mlamba anayang'anitsitsa. Nthiti za a Mvuu zinkawerengeka ngati mbalo za denga. Matope onse amene kale ankapita kukanenepetsa dambo anali ataunjikana kuseri kwa khoma, ndipo mwini dziwe anali atatitimira mpaka m'khwapa. Msana uli pamtunda, ukupsa kuposa kale.

“Alamu, bwanji simukutembenuka?”

“Ndikupumula.”

“Chiyambire liti?”

A Mvuu anaphethira kawiri, n'kunong'ona kuti mwezi watha, koma asauze munthu.

Mayi Mlamba anati iwo matope ndi kwawo, awakumba. Anaona kuti miyendo yakumbuyo ya a Mvuu yaloza kukhoma, ndiye analowa pansi pa mimba. Kukumba ankakumbadi, koma ndevu zija zinkangoyenda pamchombo, uku ndi uku, uku ndi uku.

A Mvuu anayamba ndi hi. Kenaka hihi. Kenaka hohoho wogwetsa zisa m'mitengo. Anapempha kuti ndilekeni, mlamu, ndilekeni, koma mayi Mlamba anati ntchito sinathe. A Mvuu anapalapata, mwendo unazuka m'matope, n'kumenya khoma, gwa!

Khoma lonse phwasu. Madzi anatsika ndi mkokomo, atanyamula a Mvuu chagada, miyendo inayi m'mwamba, akusekabe. Anawazunguza, anawagubuduza, n'kukawakhazika pakati pa dambo, chule atakhala pamphuno.

Madzi analowa m'udzu monse. Achule anayamba nyimbo osatsokomola n'komwe, akakowa anakweza mwendo. Mayi Mlamba anaikira mazira ochuluka moti mpaka lero sanathe kutchula ana awo mayina. Madzi atabwerera, msipu unaphuka, a Mvuu anadya mpaka nthiti zinabisalanso.

Chilimwe chitafika msana unayambanso kupsa, ndipo a Mvuu anaponya diso kumiyala kuja. Mayi Mlamba anangotulutsa mutu, n'kugwedeza ndevu. A Mvuu anagwira pamchombo, nakadzipaka matope phee.

Yathera pompa, ana inu: madzi osefukira sanatayike, ndi amene amadyetsa dambo, ndipo wowatsekera amadzitsekera chakudya chake chomwe.