Khoswe wa pa Chiwindi cha Nankhoma

Ana inu, pali mwambi umene anthu amautchula pofuna kugwetsa anzawo mphwayi, ndipo ine zimandinyansa. Tamverani kumene udachokera, kuti inu muziutchula bwino.

Kwathu kudali mayi woumba mbiya, dzina lake Nankhoma, wosasunga mawu m'kamwa. Tsiku lina khoswe adakwera pa mkhate wake wokongola kwambiri. Mlongo wake Zakeyu adatola chibonga n'kuponya. Phwaa! Mkhate udasweka, madzi m'nyumba monse, khoswe n'kuthawa ali bwinobwino. Kuyambira pamenepo Zakeyu akakumana ndi chovuta ankangoti, "Zisiyeni, khoswe akakhala pa mkhate sapheka." Anthu adawatola mawuwo. Komatu Nankhoma makoswe ankawapha ndithu. Ankabisa mankhwala m'kambulu ka chiponde n'kukaika pamene khoswe amadutsa.

Patapita zaka, Nankhoma adayamba kuwonda, maso achikasu, mimba kutupa. Zakeyu adapita naye kuchipatala chachikulu, kumene adawalandira Dokotala Msosa, mayi wolankhula mosabisa.

"Mayi, muli ndi khansa ya chiwindi," adatero dokotalayo. "Chotupa chakhala poipa, kuchidula sitingathe. Mankhwala amphamvu alipo, koma amayenda thupi lonse n'kuwononga ndi zabwino zomwe, ndipo chiwindi chanu chafooka kale."

Zakeyu adagwira m'chiuno. "Ndinanena ine. Achemwali, tiyeni kumudzi, mukapumire pakati pa abale."

"Dikirani bambo," adatero Dokotala Msosa. "Pali njira ina imene tikuiyesa. Mankhwalawo timawakulunga m'timibulu totchedwa nano, tating'ono kwambiri moti diso silingatione. Timayenda m'magazi titatsekera mankhwala m'kati, n'kukaunjikana pa chotupa, ndiye kumasula mankhwalawo pomwepo. Sindikulonjeza kuti achira. Ndikungoti mwayi ulipo."

"Mlongo wanga si woyeserapo!" adakalipa Zakeyu. "Mwinimbumba ndine, ndipo ndakana."

Musamuone ngati woipa Zakeyu, ayi. Mantha ndiwo adamugwira, ndipo mwa mwambo wathu mawu a mwinimbumba pa matenda amalemera. Adayamba kupinda bulangeti la wodwalayo.

Nankhoma, amene adali atagona nthawi yonseyi, adadzuka pang'onopang'ono n'kukhala tsonga.

"Achimwene, ikani bulangetilo pansi."

"Achemwali, musavute."

"Ndati ikani pansi! Mbumba ndi yanu, koma chiwindi n'changa. Mudandiswera mkhate, ndidakhala chete. Lero mukufuna kundifotsera ndikupuma? Inu chimene mumadziwa n'chibonga basi. Kodi makoswe a m'nyumba mwanga ankafa ndi chiyani? Adokotala, bweretsani chiponde chanucho, ndavomera ndine mwiniwake!"

Zakeyu adalisiya bulangeti lija, misozi ili mbwembwembwe.

Sizidali zophweka. Nankhoma adasanza, adafooka, masiku ena ankatukwana diripi ndi dokotala yemwe. Koma atamuunikanso, chotupa chidali chitaphwa. Sichidatheretu, inetu sindinama, koma mayi uja adabwerera kumudzi akuyenda ndi miyendo yake, ndipo adalima ndi kukolola zaka zingapo.

Mphamvu zitabwerera, adakanya dothi n'kuumba mkhate waukulu. Adausenza yekha n'kukautula pakhonde pa Zakeyu.

"Uwu ndi wanu achimwene. Mukaonapo khoswe, musaponye kanthu. Mundiitane."

Ndiye mwambiwo ndi umenewo: khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tanthauzo lake n'lakuti choipa chikabisala pa chinthu chimene umachikonda, sungachimenye mwaukali, chifukwa ungaphe ndi chako chomwe. Mwambiwo ukuletsa chibonga, ana inu, sukuletsa kuganiza. Munthu akadzakuuzani mawu amenewa pofuna kuti mupinde bulangeti, mudzamuyankhe ngati Nankhoma: "Ikani pansi!"