Mayi Amene Analowerera M'chithunzi

Overton Chimphepo atapatsidwa tchuthi cha masabata awiri, mkazi wake Bertha anati zikomo Ambuye. Chisamukire ku Mzuzu kuchokera kwawo ku Mchinji zaka zitatu zapitazo, bamboyu ankadziwa njira imodzi yokha, yochoka kunyumba ku Masasa kupita ku ofesi. Tsopano banja likanapumako n'kuuona bwino mzindawu.

Koma kupuma kunali kuti? Overton anali ndi foni yatsopano, ndipo tchuthi chonse ankachionera pagalasi la foniyo. Chakudya chinkazizira akuchijambula. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwaiwathu, wa zaka zisanu ndi ziwiri, masaya anali atamuwawa ndi kumwetulira kolamulidwa. "Achibale kumudzi aone kuti kuno sitikuvutika," ankatero mkuluyu, chala chili pafoni.

Lachinayi lina m'mwezi wa Epulo kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Atatuwa anatsikira ku kamtsinje kochokera ku mapiri a Kaning'ina. Madzi ake anali oyera, olekeza m'akakolo, ndipo pakatikati panali mwala waukulu wosalala. Overton atangouona mwalawo, mtima unadumpha. Ananyamula Mwaiwathu, n'kudumphadumpha pa timiyala, n'kumukhazika pamwamba pake. Kenako anabwerera kumtunda n'kukwera pachulu kuti chithunzi chituluke bwino.

Chapafupi, mayi wina wachikulire, a NyaMhango, ankachapa zovala. Anaweramuka n'kuyang'ana kumapiri.

"Monire, adada," anatero mayiwo popereka moni m'Chitumbuka. "Mwanayo muchotsenipo pamwalapo. Taonani kuphiri uko kwada bii. Vula ikagwa kumtunda, maji amafika kuno dzuwa likuwala. Ngoipa chomene mtsinje uno."

Overton anaseka. Kwawo, madzi a m'dambo amadzaza pang'onopang'ono, munthu ukuwaona. Nanga timadzi tosamiza ngakhale nkhuku iti tingatani?

"Yewo, mama, tamva," anayankha ndi Chitumbuka chake chobwereka. "Koma tasunthani pang'ono, mukulowa m'chithunzi."

"Bambo a Mwai, tiyeni tiwamvere eni dera," anatero Bertha.

"Chimodzi chokha. Mwai, kweza dzanja! Seka!"

Chimodzi chinabala china, chinanso chinabala chinzake. A NyaMhango sanasunthe. Anasiya kuchapa, anamanga chitenje chawo molimba m'chiuno, n'kuima m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Overton zinamunyansa, moti ankapendeketsa foni uku ndi uku kuti awachotsemo.

Kenako anamva mkokomo, ngati lole ikutsika phiri. Anachotsa maso pafoni n'kuyang'ana mumtsinje. Madzi oyera aja anali atafiira ndi matope, akukokolola masamba ndi zinyatsi. Timiyala tija anapondapo tinali titamira kale. Mwala wa Mwaiwathu unkachepa iye akuona.

"Adadi!" anakuwa mwanayo. "Adadi, bwerani!"

Overton anaponya foni paudzu n'kudziponya m'madzi. Sanayende mapazi atatu. Madzi anamumenya m'chiuno, anamuzula miyendo, ndipo pakanapanda muzu wa mtengo umene anaugwira, bwenzi atapita. Kusambira sankadziwa. Anangokakamira pamuzupo, akumeza matope, akuyang'ana mwana wake amene madzi anali atamufika m'mapazi. Mantha amene anamugwira panthawiyo sanawamvepo chibadwire.

Ndi pamene anaona kuti pamwalapo pali kale munthu wina. A NyaMhango anali atalowa m'madzi masamba oyamba atangodutsa. Anavula chitenje, n'kumubereka Mwaiwathu, n'kumanga mfundo pachifuwa. Sanalimbane ndi madzi kuti abwerere kumene anachokera. Anatsetserekera m'madzimo chopingasa, kutsata mphamvu yake, kulunjika tsidya linalo. Overton anaona mitu iwiri ikumira n'kutumphuka, kenako inazimiririka kuseri kwa bango pokhota mtsinje.

Panatsala mkokomo wokhawokha. Bertha anamukoka mwamuna wake pa kolala mpaka kumtunda, kenako anagwa pansi n'kuyamba kulira maliro. Overton anathamangira kumunsi, akudzigwetsa m'minga, akuitana dzina la mwana wake. Palibe anayankha. M'mutu mwake munkangobwera funso limodzi: akawauza chiyani anthu ku Mchinji? Kuti mwana anapita chifukwa cha chithunzi?

Kenako anafika pokhota paja. Anaima n'kuyang'ana m'bango muja.

"Adada!" anamveka mawu tsidya lina. "Lekani kulira. Mwana ali moyo!"

A NyaMhango anali atakhala pamatope, mwendo ukuchucha magazi, Mwaiwathu ali pamiyendo pawo akusanza madzi. Makolowo anazungulira ulendo wa ola lathunthu kukaolokera pamlatho. Atafika, Overton anagwada pamatope pomwepo. Pakamwa pake, pamene m'mawa panali podzaza ndi malamulo, panatuluka mawu othokoza okha: "Yewo, mama."

"Ine ndinakulira pamtsinje uno," anatero mayiwo akufinya chitenje. "Unanditengera mchimwene wanga. Sindikanakhala chete."

Patapita masiku awiri m'pamene Overton analimba mtima kutsegula foni ija, imene Bertha anaitola paudzu. Anayang'anitsitsa chithunzi chomaliza. Mwaiwathu anali akumwetulira, dzanja lili m'mwamba. Kumbuyo kwake madzi ofiira anali akubwera kale, atasenza chitsa. Pangodya, pamalo pamene iye ankalimbana kuti pasaoneke munthu, panali a NyaMhango, madzi ali m'mawondo, akulunjika kwa mwanayo. Ngozi yonse anali nayo m'manja mwake, koma iye ankangoona mano a mwana.

Mwa zithunzi mazana a tchuthi chija, chimenechi ndi chokhacho chimene Overton anachitsukitsa n'kuchipachika pabalaza. Kumudzi sanachitumize. Alendo akafunsa kuti mayi ali pangodyawo ndani, iye amayankha mosazengereza kuti ndi mayi ake a kuno ku Mzuzu. Ndipo sanama ayi, pakuti akuluakulu ananena kale kuti wakutsina khutu ndi mnansi.